Michopo ya Ba Sydney ndi Mimba ya Towera

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Tiyamike Mulungu amene watidzutsa ndi moyo, natipatsa chakudya chalero.

Ku Chawama kuli mayi wina dzina lake Towera, wotsogolera nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi kwawo. Amuna ake, Ba Sydney, amawotcha michopo pafupi ndi msika, nyama ija yotungira kutimitengo pamodzi ndi anyezi. Loweruka lililonse ankabweretsa timitengo tinayi kunyumba, ndipo Lamulungu Towera ankadzuka mimba itatupa, ikupota. Masabata atatu otsatizana sanaimbe. Mkulu wa kwaya anamuuza kuti akajombanso, nyimbo za Pasaka atsogolera wina.

Ba Chisala, oyandikana nawo nyumba, anati wina m'kwayamo wamuchita chipongwe chifukwa cha nsanje, choncho asiyiretu nyama, azingomwa soda. Towera anasiya nyamayo, Ba Sydney zinawapweteka. "Chawama yonse ikudya nyama yanga, mkazi wanga yekha ndiye akana," anadandaula.

Towera anapita kukiliniki. Atamuyeza osapeza matenda oopsa, namwino, Ba Sampa, anamufotokozera kuti matumbo a anthu ena sachedwa kukwiya, ndipo kawirikawiri cholakwa si nyama, koma anyezi, adyo, tsabola ndi mafuta. Anamuuza ayese kudya popanda zimenezo, koma akaona magazi kapena akayamba kuwonda, abwerenso msanga.

Lachitatu Ba Sydney anazula anyezi yense pakamtengo n'kumupatsa mkazi wawo nyama yokhayo. Kutacha, mimba inapotanso. Anapita onse awiri kukiliniki, Ba Sydney nkhope ili gwa. Namwino anangowafunsa mmene amakonzera nyama. Iwo anayankha monyadira kuti amaiviika kuyambira m'mamawa mu adyo ndi anyezi wosinja.

"Manje Ba Sydney," anatero Ba Sampa, "anyezi wa pamwamba mwachosa. Uja wangena mukati muzachosa na chani?"

Ba Sydney atazindikira kuti adyo ndi anyeziyo analowa kale m'kati mwa nyama, anagwira pakamwa, kenako anaseka. Kuyambira pamenepo amapatula nyama yopanda mafuta asanaviike inayo, n'kuithira mchere wokha, n'kuiwotcha pambali mpaka ipse bwino. Towera amadya timitengo tiwiri basi. Mimba imamuvutabe apo ndi apo akadya nyemba, koma pa Pasaka anaima kutsogolo, nayambitsa nyimbo ya kuuka kwa Ambuye.

Phunziro: Mimba ikamavuta, kayezetseni musanaloze munthu chala, ndipo funsani zonse zimene zalowa m'chakudya, ngakhale zosaoneka ndi maso.

Ambuye adalitse matupi anu ndi manja amene amakuphikirani. Amen.