Tulo ta Fanesi

Elube analota akugulitsa pa okala pomwe mlamu wake Fanesi ankagula mapiritsi ogonetsa. Fanesiyu ndiye ankatsala ndi Tadala, mwana wa Elube, mayi ake akapita kumsika, ndipo pofuna mpata wokalukitsa tsitsi ankamunyenyera mapiritsiwo m'phala. Tsiku lina mwanayo sanadzukenso. Akubanja anati za pachibale sapita nazo kupolisi. Elube anangoti chabwino, koma mtima unali ukuwira.

Mu okalamo munalibe sopo kapena shuga. Munali mabotolo a maswiti okhaokha, ndipo m'botolo lililonse munali tulo ta munthu mmodzi. Anthu anali pamzere, aliyense kulandira take, n'kugwa pomwepo khu, mkonono.

Kenaka anafika Fanesi, tsitsi loluka mbali imodzi.

"Zikomo alamu, ndadzatenga tulo tanga."

"Tatha," anatero Elube.

Botolo lina linatsokomola. "Bodza ayi, mayi. Ndilipo."

Elube analitsomphola kuti akalikhuthulire kunja. Chitseko chakuseri chinatsegukira kumanda. Adzukulu anali chilili ndi makasu awo, ndipo amene ankawalozera pokumba anali mwana wake uja. Anali atamera mano onse, chonsecho anapita ali ndi awiri.

"Amayi," anatero mwanayo, "tulo ta munthu satayira pansi, timabwerera kwa mwini wake. Ngati mukufuna azakhali asationenso, mutigone ndinu."

"Nanga ndidzadzuka liti?"

"Azakhali akadali mtsikana. Tulo tawo n'tambiri."

Fanesi anali atamutsatira Elube kumandako. Anagwada pa dothi lofiira, manja ali m'mwamba ngati wopempha mchere.

"Alamu, ndagwira mwendo wanu. Mundigawireko theka lokha."

"Inuyo munkamupatsa theka?"

Elube anapendeketsa botolo kukamwa. Tinali towawa ngati ndulu, koma chiikire maliro sanalaweko chinthu chokoma chotero. Zikope za Fanesi zinathothoka n'kugwa pansi. Anazitola, kuzipukuta, kuzimata ndi malovu, osatheka. Maso anangoti tong'o padzuwa, ntchentche n'kuyamba kuterapo. Elube anaseka mpaka adzukulu anavula zipewa.

Chapatali anamva mwamuna wake akumugwedeza phewa. "Amayi a Tadala, dzukani! Mwamwa mapiritsi angati?"

Elube anamumvera chisoni bambo wa mwana wake. Koma botolo linali lisanafike ndi pakati pomwe, ndipo Fanesi anali atatambasula kale dzanja kudikira kuti aliike pansi.

Elube anapukuta pakamwa, n'kumwanso.