Chigwiriro Choyera cha Mpeni wa Abudo

Joaquim atabwerako ku Malawi m'chaka cha 1994, anapeza kwawo ku Itepela kuli tchire lokhalokha, koma zitsulo zinali mbwee. Malole amene anapsa pankhondo anali ngundangunda m'mbali mwa msewu wa ku Mandimba, ndipo kwa munthu wosula ngati iye, umenewo unali munda wakucha kale. Anadula mola, masipuling'i aja a malolewo, n'kumanga chipala patsinde pa mango, n'kuyamba kusula makasu ndi timipeni topinda tija amati kanivete.

Woyamba kudzafuna mpeni anali Abudo, Msilamu wogulitsa nsomba za ku Amaramba. Awiriwa ankatchulana achimwene, ndipo sichinali chibale cha pakamwa chabe ayi. Pothawa nkhondo, Abudo ndiye anabereka mayi ake a Joaquim kumsana masiku awiri mpaka kuwoloka malire.

"Wansonga kapena?" anafunsa Joaquim akujambula pansi ndi msomali.

"Iyayi achimwene, yansonga tinaiona yokwanira," anatero Abudo. "Komanso imaboola thumba. Kukamwa kwake kukhale kowongoka, kotalika ngati dzanja langali, kutsogolo kobuntha. Ndikamazinga nkhuku ndizingodutsa kamodzi, chiweto chisazunzike."

"Nanga chigwiriro? Phingo ndili naye."

"Wakuda uja? Akagwera mu udzu ndidzamufuna mpaka Yesu wanuyo atabwera! Ndipangireni choyera, cha fupa la ng'ombe."

Anaseka onse, Joaquim n'kulonjeza. Koma ng'ombe akanaitenga kuti, abale? Nkhondo inadya ziweto zonse, ngakhale mbuzi inali chinthu choti ana n'kumaloza. Patatha milungu itatu munthu wina anamubweretsera fupa limodzi kuchokera ku Cuamba. Analicheka bwinobwino, analipala ndi tupa, koma pokhoma msomali womaliza linangoti thee! kung'aluka pakati.

Pakhoma la chipalacho panali mano awiri a njiri imene inakodwa pamsampha m'munda mwake. Oyera, olimba, osalala kuposa fupa lililonse. Joaquim anawayang'ana, n'kuyang'ana kumbali, n'kuwayang'ananso. Mmisiri ndi munthu wosusuka pa zokongola, musamuone chonchi. Dzuwa lisanapendeke anali atacheka kale.

Mkazi wake Florinda anamupeza akupukuta. "Bambo, njiri si nkhumba ya kutchire imeneyo? Mukufuna kupatsa Che Abudo?"

"Ndi dzino ili, si nyama. Akatafuna chigwiriro?"

"Ngati palibe vuto, mukawauze."

Joaquim anangolimbikira kupukuta chinthu chowala kale.

Abudo atabwera anautsegula mpeniwo, n'kuutseka, kaphokoso kake kakuti kha. Nkhope yake inawala ngati ya mwana. "Fupa lija linapezeka?"

"Lomwelo," anatero Joaquim. Liwu limodzi lokha, koma linatuluka lolemera ngati nyundo. Kenaka anawonjeza, mwina pofuna kugwidwa: "Tauyang'anitsitsani, achimwene."

"Ndiyang'anenso chiyani? Mawu anu andikwanira." Anauponya m'thumba n'kukwera njinga.

Kuyambira tsiku limenelo Joaquim analibenso mtendere. Mpeniwo ukanakhala woipa bwenzi zili bwino, Abudo akanautaya. Koma ayi, unali mpeni wabwino koposa yonse imene anasulapo! Abudo ankadulira zingwe za madengu, ankatumbulira nsomba, ankasendera nzimbe. Akhristu a m'mudzimo akafuna kuti alendo achisilamu adye nawo nkhuku, ankaitana Abudo kuti adzazinge, ndipo mpeni wake unali womwewo. Lachisanu lililonse unkalowa naye mumzikiti uli m'thumba la mkanjo. Pamsika wa ku Mandimba ankautulutsa n'kumaonetsa anthu: "Ntchito ya mbale wanga iyi."

Joaquim akamva belu la njinga ya Abudo, ankathamangira pachipala. Anayamba kunamizira ntchito, kupopa mvukuto mwamphamvu kuti macheza afupike. Anasula mpeni wina wofanana ndendende, wachigwiriro cha phingo, woti akasinthe. Anaukulunga m'kansanza n'kuusomeka kudenga. Mawa, ankatero. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola, mpeni uli kudenga konkuja.

"Mlandu suola, bambo," Florinda ankamukumbutsa akamasesa, osamuyang'ana n'komwe.

Mwezi wachisanu ndi chitatu Abudo anabwera ndi uthenga. Bambo ake anamwalirira kalekale kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo anaikidwa mothamanga, popanda sadaka yoyenera. Tsopano anali atapeza mbuzi, atayenda nayo pansi kuchokera ku Massangulo. Loweruka kudzakhala sadaka, a mumzikiti onse adzabwera. "Ndidzazinga ndekha ndi kanivete wanu uja. Bambo ankakukondani, achimwene. Dzanja lanu likhalepo."

Joaquim anachita manyazi oti akanatha kulowa pansi. Anangogwedeza mutu, mnzakeyo n'kumapita.

Loweruka m'mawa Joaquim anafika kwa Abudo mbuzi ili kale pansi pa mtengo, miyendo yomanga, mutu ataulozetsa kumene Asilamu amayang'ana popemphera. Amuna ovala zisoti zoyera anali atazungulira. Abudo anali atapinda manja a mkanjo, akunola mpeni pamwala.

"Achimwene, tabwerani pambali pang'ono."

"Dikirani ndithane nayo kaye iyi."

"Ayi. Musanazinge."

Anapita kuseri kwa nkhokwe. Joaquim anali atakonza mawu ambiri m'njira monse, za fupa long'aluka, za kusowa kwa ng'ombe, koma onse anabalalika. "Chigwiriro icho si fupa la ng'ombe. Ndi dzino la njiri. Ndinakunamizani."

Abudo sanakuwe. Bola akanakuwa! Anayang'ana chinthu chinali m'dzanja lakecho, n'kuwerama pang'onopang'ono kuchiika pansi. Anapukuta chikhatho pankhokwe, kamodzi, kawiri.

"Munadziwa tsiku lomwe lija?"

"Ndinadziwa."

"Miyezi isanu ndi itatu ndikugwada nacho pamaso pa Mulungu," anatero Abudo motsitsa mawu. "Nkhuku za anthu zonse zija. Ine wosadziwa, mwina Mulungu adzandikhululukira. Koma inu mumandiona ndikudutsa Lachisanu lililonse, n'kumandikwezera dzanja."

Joaquim anatulutsa kansanza kaja. "Ndinapanga wina. Chitsulo chake chomwecho, kukamwa kwake komweko. Chigwiriro ndi phingo."

Abudo anatunga madzi mumtsuko, n'kusamba m'manja nthawi yaitali. Atatero anaulandira mpeniwo. Mtima wa Joaquim unayamba kutsika, poganiza kuti mwina zatha. Abudo anautembenuza uku ndi uku, anakanda chigwiriro ndi chikhadabo, anachinunkhiza. Kenaka anasuzumira kumene kunali anthu kuja n'kuitana mkulu wina wopala matabwa.

"Che Saide, tabwerani. Inu mumaidziwa mitengo. Bambo awa akuti uyu ndi phingo. Tandionerani ngati ndi zoona."

Joaquim anatola mpeni woyera uja pafumbi n'kuupinda. Unatsekeka bwinobwino, ndi kaphokoso kake komwe kaja.