Paipi ya Pansi pa Ukonde

Malita asanu a petulo amene Muriel Chalunda ananyamula Loweruka limenelo anachita kuwapopa m'galimoto mwake ndi kapaipi, chifukwa pamalo omwetsera mafuta pa Rumphi Boma zigubu ankazikana. Anali atakhala pamzere masiku awiri. Chigubu chake chinali choonekera mkati, ndipo anachilemba mizere yakuda, mzere uliwonse theka la lita. Ntchito yake inali ya zamadzi, kuyala mapaipi ndi kusaka podontha, ndipo chinthu chosayeza yekha sankachikhulupirira.

Boti ankafunalo linali logulira bambo ake. A Chalunda anakulira ku Salima m'mbali mwa nyanja, nakagwira ntchito yoyendetsa malole zaka makumi atatu. Mayi atamwalira, sitiroko inawafooketsa mkono wamanzere, ndipo Muriel anakawatenga kuti azikhala nawo ku Rumphi. Kumeneko ankangokhala pakhonde kuyang'ana mapiri. Nkhani imodzi yokha ndiyo inkawawalitsa nkhope: kuwedza ndi mbedza. Sankafuna nsomba zogulitsa. Ankangofuna kukhala pamadzi, chingwe chili m'manja. Ndiye Muriel anati awapezere kaboti ka injini yosamwa mafuta, koti azitha kukayendetsa ngakhale m'nyengo yosowa mafutayi.

Mnzake wa kuntchito anamulozera kwa Fiskani Mhango wa ku Mlowe, msodzi amene ankagulitsa maboti awiri. Anafika kumeneko dzuwa litangokwera pang'ono. Fiskani anali munthu wamtali, wamapewa aakulu, womwetulira msanga.

"Yewo, amama. Yewo, adada. Mwafika bwino?"

Boti loyamba linali laling'ono, lopepuka, koma linalibe injini. Lachiwiri linali lamatabwa, lalikulu, ndipo kumbuyo kwake kunali chiinjini chachikulu chakale cha mphamvu ya fote, chothothoka penti.

"Ife tikufuna chaching'ono," anatero Muriel. "Injini ya eyiti kapena ya fifitini, yosasakaniza oilo ndi petulo. Ndi anthu awiri okha, palibe ukonde wokoka."

"Amama, tiinjini timeneto n'toseweretsa ana. Mwera ukakupezani muli kutali mudzalira. Iyi ndinaikonzetsa ku Mzuzu. Imamwa pang'ono chomene, ngati ya fifitini yomweyo. Muone nokha."

"Ndi zomwe ndabwerera." Muriel anaonetsa chigubu chake. "Paipi ilowe umu, ndiziona ndi maso."

Fiskani anaseka, natenga chigubucho, nathiramo oilo wake, nachikhazika pakati pa boti. Anamizamo paipi yomwe inkadutsa pansi pa thabwa lokhalira lakumbuyo, pomwe panali mulu wa ukonde wakale, n'kukatulukira ku injini. Kenako ananyamula a Chalunda ngati mwana n'kuwakweza m'botimo. Muriel anakhala chapakati, moyang'anana ndi chigubu. Kusambira sankadziwa, ndipo sanauze munthu.

Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Anayenda mphindi makumi atatu kulunjika kumalo ena amiyala komwe Fiskani anati kumapezeka kampango. Gombe linatsala kumbuyo, nyumba zinasanduka timadontho, phiri la Khondowe lokha n'kumaoneka bwinobwino. Muriel ankayang'ana wotchi, n'kuyang'ana chigubu. Mafuta anali atatsika osakwana ngakhale mizere iwiri.

"Mwaona, amama?" anakuwa Fiskani kupikisana ndi phokoso.

"Iyi ndiye injini, mwanawe," anatero a Chalunda. Chipewa chinali chitawagwera kumbuyo, ndipo ankaseka mano onse pamtunda. Muriel anali asanawaone akuseka chonchi chimwalirire mayi ake.

Koma mutu wake unkakana. Chiinjini chotere, chofuka utsi chonchi, chikukankha matabwa olemera ndi anthu atatu, sichingamwe ngati njinga yamoto.

Atafika pamalopo Fiskani anazimitsa injini. Kunati zii, madzi okha n'kumamenya m'mbali. A Chalunda anakoleka kausipa kumbedza ndi dzanja lamanja, akugwiriza ndi bondo, naponya chingwe. Ndi pamenepo Muriel anamva fungo. Mphepo ya paulendo inali italibisa, koma tsopano linali lamphamvu, lokwera kuchokera pansi. Anayang'ana madzi amene ankayendayenda kumapazi ake. Pamwamba pake panali mawanga onyezimira ngati utawaleza.

Anagwetsa dala kathaulo kake, nawerama kuti akatole. Pansi pa thabwa lakumbuyo, ukonde unali utasuntha ndi kugwedezeka kwa boti. Anaona ngodya ya chigubu chachikasu. Anaona paipi yachiwiri ikutuluka mmenemo, n'kukakumana ndi paipi yake pa kachitsulo kamphanda komangidwa ndi mphira wa tchubu. Injini inkamwa m'chigubu chobisikacho, m'chake inkangolawa. Ndipo pamfundo pamenepo pankadontha, osati pang'ono: tho, tho, tho, mosalekeza.

Anaweramuka pang'onopang'ono. Fiskani ankamuyang'ana. Kumwetulira kunali kudakali pamilomo, koma m'maso munalibe. Anatambasula mwendo, nakankha ukonde uja ndi chidendene.

Muriel anayang'ana kumtunda. Kunali kutali. M'botimo munali iye wosadziwa kusambira, nkhalamba ya mkono umodzi, ndi munthu wamphamvu amene wangogwidwa bodza. Anaganiza zokhala chete. Akafika pagombe adzathokoza, adzanena kuti akaganize kaye, adzakwera galimoto.

"Ababa, tiyeni tizibwerera. Taona mokwanira."

"Tangofika kumene. Dikira, pali chikundigwedeza apa."

"Asiyeni adada asangalale," anatero Fiskani. Mawu ake anali atatsika. Anapisa m'thumba la malaya, natulutsa ndudu, naiika pakamwa. Anapisanso, natulutsa machesi.

"Musayatse!"

Mawuwo anatuluka mwamphamvu mwakuti a Chalunda anadzidzimuka. Fiskani anaima kamtengo ka machesi kali kale pabokosi.

"Musayatse, bambo Mhango. Mwakhala pa petulo. Mfundo yanu ija ikudontha, boti lonse ladzaza. Mukangokhwatcha tapsa tonse."

Fiskani anayang'ana pansi. Anaviika chala m'madzi a kumapazi, nanunkhiza. Ndudu inagwa yokha pakamwa.

"Mfundo yanji?" anafunsa a Chalunda.

Fiskani anaimirira, boti linapendama, ndipo Muriel anagwiritsa thabwa ndi manja onse. Munthuyo anali chiimire pamwamba pake, akupuma mwamphamvu, machesi atawafinya m'chibakera. Muriel sanachotse maso.

"Zokangana tikakanganira kumtunda," anatero Muriel. "Ndipatseni machesiwo. Chotsani ukonde ndione."

Kenako Fiskani anaponya machesi m'nyanja, nakokera ukonde pambali. A Chalunda ataona chigubu chachikasu ndi mapaipi awiri anangoti, "Aaa," napukusa mutu.

Chigubu chobisikacho chinali chitatsala pang'ono kuuma. Ambiri anali atamwedwa ndi injini, ena atatayikira pansi. Fiskani anatenga chitini n'kuyamba kukapa madzi amafutawo. Akukapa choncho anakweza mutu, nayang'ana kummwera, ndipo dzanja lake linaima. Kutali, pomwe nyanja inali yosalala, panali patada, ndipo pamwamba pa mdimawo pankaoneka timizere toyera.

"Mwera," anatero a Chalunda motsitsa mawu. Ankaudziwa kuyambira ali mwana.

Fiskani anathamangira ku injini. Anakoka chingwe. Inatsokomola n'kuzima. Anakokanso, kachitatu, kachisanu, thukuta lili kamukamu. Sinalire.

"Ikukoka mpweya pamfundopo," anatero Muriel. "Mukoka mpaka mawa. Muli ndi mpeni?"

Fiskani anamuyang'ana, nasolola mpeni m'chiuno. Muriel anaona chitsulo chikung'anima, nabwerera m'mbuyo. Koma munthuyo anautembenuza, nam'patsa chakuchigwiriro.

Muriel anagwada m'madzi amafuta aja, nadula mphira, nazula kachitsulo kamphanda. Paipi yochokera ku injini inali yaifupi, sinkafika pachigubu chake, ndipo pansi pa thabwa chigubucho sichikanaima chilili. Anafunika kulumikiza mapaipi awiri. Ya chigubu chachikasu inali yopyapyala, ndiye anadulako kachidutswa, nakalowetsa mbali zonse ziwiri. Panafunika chomangira cholimba. Mphira uja unali utafewa ndi mafuta, ulusi wa ukonde unkaduka m'manja.

"Ababa, chingwe chanu."

A Chalunda anali atachikulunga kudzanja, chili chokokeka kuti nga, chikudula madzi uku ndi uku. "Pali nsomba, mwanawe. Yaikulu."

"Ndikudziwa, ababa."

Funde loyamba linamenya boti m'mbali, madzi n'kuwathira kumsana. Nkhalambayo inayang'ana chingwe, inayang'ana mwana wake, niyandikiza dzanja ku mpeni. "Dula apa. Usiye chachitali."

Muriel anakulunga mwamphamvu mpaka chingwe chinam'cheka zala. Anakhuthulira timafuta totsala ta chigubu chachikasu m'chake, nafinya kampira kopopera mafuta mpaka kanalimba.

"Kokani tsopano."

Kachiwiri injini inabangula. Fiskani anatembenuza boti, mafunde n'kuyamba kuwamenya chakumbuyo kumanzere. Sakanalunjika ku Mlowe. Anayenera kupita nayo mphepo, chopingasa, kulowera kumpoto. Boti linkakwera, n'kugwa ndi chiphokoso. A Chalunda anakhala pansi penipeni, akukapa madzi ndi dzanja lawo limodzi. Muriel anapana chigubu ndi mawondo, dzanja lina litagwira mfundo.

Tsopano anaona kamwedwe kenikeni ka injini ija. Mafuta ankatsika akuona, mzere n'kudutsa, wina n'kudutsa.

"Chepetsani moto!" anakuwa. "Ikumwa kwambiri!"

"Ndikachepetsa funde litikwera kumbuyo!"

"Mukapanda kuchepetsa sitifika!"

"Chepetsa potsika, wonjezera pokwera!" anakuwa a Chalunda. "Ngati lole pamtsetse! Ndizikuuza!"

Fiskani anawamvera. Nkhalamba inkayang'ana funde lililonse n'kukuwa kuti "Pano!", Fiskani n'kupotoza chogwirira cha injini. Muriel anapendamitsa chigubu kuti paipi ikhale pangodya pomwe mafuta ankasonkhana. Gombe linayamba kuoneka mitengo, kenako madenga, kenako anthu ataimirira akuloza. Mzere womaliza unadutsa. Injini inatsokomola, inalira pang'ono, n'kuzima.

Panatsala mtunda ngati mabwalo awiri a mpira. Boti linayamba kutembenuka kuti lipereke mbali kumafunde.

"Nkhafi!" Fiskani anasolola nkhafi ziwiri, naponyera Muriel imodzi. Anali asanapalasepo chibadwire. Anangoviika n'kukoka, kuviika n'kukoka, kumbali yomwe ankauzidwa. Funde lina linalowa lonse, madzi n'kufika m'mawondo, chigubu chake n'kuyandama. Anamva bambo ake akupemphera mokweza. Kenako panamveka mawu ena pafupi, mitu ya anthu ili m'madzi, manja akugwira m'mphepete mwa boti. Asodzi a pagombelo anali atalowa mpaka m'khosi. Anawakoka mpaka matabwa anakhula mchenga.

Amayi amene ankayanika usipa anabwera ndi zitenje, nafunditsa a Chalunda. Muriel atatsika anangokhala pamchenga pomwepo, zala zikutuluka magazi. Msodzi wina wachikulire anasuzumira m'boti, natola kachitsulo kamphanda kaja, nakatembenuza. Anayankhula mawu ochepa m'Chitumbuka, ndipo anthu onse anatembenukira kwa Fiskani.

Fiskani anadzanjuta patsogolo pa Muriel, maso ali pansi.

"Injini iyi yandimaliza, amama. Miyezi itatu sindinapite panyanja. Aliyense wobwera akangoona kamwedwe kake amathawa."

"Ndiye munati ithere pa nkhalamba yodwala? Akanapita okha ndi mafuta amene mukanawanamiza aja, akanabwerako?"



"Ndipepese bwanji?" anafunsa Fiskani.

"Tipezereni njinga zamoto zotifikitsa pagalimoto. Basi."

Pobwerera, atadutsa Chiweta n'kuyamba kukwera, Muriel anaimika galimoto pambali. Analira kwa nthawi. Bambo ake anangomusisita paphewa.

"Ndikanakuphani, ababa. Za boti tizisiye."

"Usandibwezere pakhonde paja," anatero iwo. "Lero ndi tsiku loyamba lomwe ndamva kuti ndili ndi ntchito."

Kupolisi Muriel sanapite, ngakhale analingalira kangapo. Nkhaniyo inali itafala kale m'magombe onse, ndipo chiinjini chija palibe anachifunsanso. Patapita miyezi iwiri anagula kaboti kopepuka ndi injini ya eyiti kwa mayi wina wa ku Chitimba, dzina lake Isabella Nyirenda, amene mwamuna wake anasamukira ku Karonga. Anagulanso majekete awiri oyandamitsa. Ankawedza pafupi ndi gombe, mmawa okhaokha, ndipo kukachita kamphepo sankatsika n'komwe m'galimoto.

Loweruka lina akubwerako ndi nsomba zitatu za mcheni, anapeza Fiskani pagombe la Chitimba, atabwera kudzafuna ganyu m'maboti a anzake. Analowa m'madzi osaitanidwa, nagwira kutsogolo kwa kaboti, nakakokera pamchenga. Muriel anamasula injini osamuyang'ana. A Chalunda anam'patsa moni, nafunsa za ana ake, ndipo awiriwo anaima pamenepo nthawi yaitali akukambirana za nyambo yomwe kampango amakonda nyengo yozizira.