Mpope Wodontha wa Mayi Sutikesi

Dzina loti Mayi Sutikesi anawapatsa ndi mwana wawo yemwe, ndipo linawakakamira mpaka ku ofesi. Sakanatsutsa, chifukwa sutikesi yawo yofiira ija inkadziwa mabwalo a ndege kuposa pamwamba pa wadiropu. Mayiwa ankatsogolera ntchito za bungwe lina lothandiza anthu m'mayiko angapo. Kwina kukasefukira madzi, iwo ulendo ndi matenti. Kwina kukagwa chilala, iwo ulendo ndi malole a chakudya. Kukakhala bata ankayendera mijigo, masukulu ndi tizipatala timene bungwelo linamanga, n'kumagona m'zipinda za alendo zofanana ngati mazira, moti masiku ena podzuka ankayamba asuzumira pawindo kuti adziwe dziko limene agona.

Anali ndi ulaliki umodzi wokha, ndipo ankaulalikira m'dziko lililonse osasintha ndi liwu limodzi lomwe. "Ntchito yathu ndi yoti tsiku lina anthu asatifunenso. Mukaona kuti asiya kutiimbira foni, dziwani kuti tapambana." Antchito awo ankatha kuumaliza ulalikiwo ngakhale akuwodzera.

Vuto la munthu wokhulupirira zimene amalalikira n'loti amapita nazo kunyumba. Atangowakweza pa udindo, Mayi Sutikesi anaitanitsa maphunziro pabalaza. Ophunzira anali awiri: amuna awo, amene aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi, bambo wofatsa yemwe akanatha kupsereza ngakhale madzi, ndi mwana wawo wamkazi wa kusekondale, Wailesi, amene pakamwa pake panalibe batani lozimitsira. Mayiwo anamata mapepala akuluakulu pakhoma n'kuyamba kuphunzitsa kusintha babu, kusita kolala, kutsuka firiji ndi kuphika mpunga wosamatana. Wailesi anakweza mkono n'kufunsa ngati pali zoziziritsa kukhosi, poti anamva kuti maphunziro a mabungwe sayenda kukhosi kuli gwaa. Pomaliza panali mwambo wopereka makiyi, ndipo anajambulitsa chithunzi akugwirana chanza ndi amuna awo ngati anthu osadziwana.

Mwa mapulojekiti onse amene mayiwa anayendetsapo, iyi ndi imene inayenda bwino mopweteka. Poyamba foni inkalira kosalekeza. "Mayi a Wailesi, malaya oyera asanduka apinki, ndiwatani?" Iwo ankatuluka mumsonkhano wa akuluakulu n'kukayankha pakhonde, akunamizira kunyansidwa koma mumtima muli chimwemwe chokhachokha. Kenako mafunso anayamba kuchepa. Pamapeto pake anangotsala mauthenga aafupi: "Kuno tili bwino, gwirani ntchito."

Malinga ndi ulaliki wawo uja, apa anali atapambana. Koma kunena mosabisa, Mayi Sutikesi ankachita mantha. Ankaopa kuti m'nyumba mwawo momwe asanduka mlendo, wolandiridwa bwino n'kuperekezedwa bwino.

Tchuthi chitakwana anafika kunyumba maso ali tcheru ngati mmene amafikira pokayendera ntchito. Ankafuna cholakwika, ngakhale kakang'ono. Anadutsitsa chala pamwamba pa firiji, chala chinabwerako choyera. Anatsegula kabati, makapu ali ndandanda, zogwirira zonse zitaloza mbali imodzi. Anasuzumira kuseri kwa chitseko kumene tsache limabisa machimo a m'nyumba, nako kunali mbee. Ali chiimire choncho, Wailesi anabwera akumwetulira n'kuwapatsa thaulo lopindidwa bwino. Linali thaulo la alendo, lija anagula okha n'kulamula kuti wapanyumba asaligwire.

Patebulo zinthu zinanyanya. Mpunga unali wosamatana, ndiwo zokoma moti anawonjezera ali okwiya. Bambo ndi mwana ankaseka nthabwala zimene chiyambi chake iwo sankachidziwa. Foni italira anachita kuilandira ndi manja awiri. Anali Injiniya wa bungwe, akuimba kuchokera kudziko lina lachilala, ndipo atamaliza kulankhula naye anaponya foniyo pampando.

"Anthu ena sungawamvetse!" anatero Mayi Sutikesi. "Kuli mudzi wina kumeneko, tinawakumbira mjigo, tinaphunzitsa komiti, zida zonse tinawasiyira. Koma mjigowo sumatha mwezi usanafe. Lero Injiniya watulukira kuti tcheyamani wa komiti amamasula yekha bawuti ya mjigowo n'kuiponya m'thumba la jekete, kuti galimoto ya bungwe ibwere."

"Ikabwera galimotoyo amafuna chiyani?" anafunsa Aphunzitsi.

"Palibe! Macheza basi. Amayala mipando pamthunzi, kumufunsa Injiniya za ana ake, kumuonetsa mbuzi zimene zaswa. Kenako bawuti ija imapezeka yokha."

"Nanga mjigo ukamayenda bwinobwino mumapitako?" anafunsa Wailesi.

"Tikatani? Kumene zinthu zili bwino sitipitako, mwanawe. Mayiko ndi ambiri, mavuto ndi ambiri." Anamwa madzi, n'kuwonjezera akuyang'ana m'mbale: "Ndipotu poti kuno zonse zili m'malo mwake, mwina tchuthichi ndichidula. Kuli msonkhano kudziko lina lamapiri, ndinyamuka Lachinayi."

Anayankhula dala, akudikira kuti wina anene kuti ayi, musapite. Palibe anatero. Aphunzitsi anangoyang'ana Wailesi, Wailesi n'kuyang'ana Aphunzitsi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire mwanayo anatafuna chakudya ali chete. Mayiwo zinawapweteka kwambiri.

Kutacha anadzutsidwa ndi kaphokoso kochokera kukhitchini. Tho. Tho. Tho. Anathamangirako asanavale ndi nsapato zomwe, ndipo anapeza mpope wa pasinki ukudontha, pansi pake madzi atayamba kale kulowerera m'kabati. Nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wapeza wachibale pabwalo la ndege.

"Ndinadziwa ine!" anakuwa. "Firiji yonyezimira, koma mpope ukulira! Aphunzitsi, bweretsani sipanala. Wailesi, chidebe!"

Anagwada pansi pa sinki, mutu m'kabati, akulamula uku ndi uku. Aphunzitsi anaima pambali atagwira tochi, akugwedeza mutu modzichepetsa. "Ife izi ndiye ayi, mayi a Wailesi. Phunziro limeneli munalidumpha." Phunzirolo sanalidumphe ayi, koma mayiwo sanafune kukumbukira.

Tsiku lotsatira chitseko cha kabati chinapezeka chikulendewera ndi sikuluwu imodzi. Mayi Sutikesi anachikonza akuimba nyimbo. Lachitatu mpope uja unayambanso, tho, tho, tho, ndipo iwo anaimbira ku ofesi ndi mawu aulemu wake kuti kunyumba kwagwa vuto la madzi, msonkhano wa kumapiri apiteko wachiwiri wawo. Sanafotokoze kukula kwa vutolo, ndipo ku ofesi, atamva za madzi, anafunsa ngati atumize matenti.

Masiku amenewo anali okoma. Ankadzudzula, kukonza, kudzudzulanso, chakudya n'kumalowa bwino. Koma munthu amene wayendera mijigo m'mayiko angapo sapusitsidwa mpaka kalekale. Mpope utadontha kachitatu, anakhala pansi pa sinki n'kuyamba kuganiza. Kalabala kotsekera madzi anaikamo katsopano. Nati anaimanga ndi manja awo, ndipo nati yomangidwa ndi Mayi Sutikesi simasuka ndi mphepo. Atawalitsa tochi anaona timikwingwirima tatsopano pa natiyo, ta munthu wogwira sipanala mwamantha. Anamanganso natiyo.

Masana ake analengeza kuti akupita kukakonzetsa tsitsi ndipo achedwako. Anatuluka pageti, kuzungulira kuseri kwa mpanda, n'kulowera khomo lakumbuyo. Mlonda analipo ndithu, mwana wawo yemwe. Wailesi anali ataima pakhomo lakumaso akuyang'anira msewu, koma poti anali pafoni ndi mnzake, ngakhale lole ikanalowa m'nyumbamo iye osaimva.

M'khitchini munali miyendo iwiri itatulukira pansi pa sinki, itavala masilipasi a Aphunzitsi. Mwini miyendoyo anamva mapazi ndipo anafunsa ali m'kabati momwemo.

"Wailesi, paja pomasula timapotokolera kumanzere eti? Dzulo ndinayamba n'kulimbitsa m'malo momasula."

"Kumanzere," anayankha Mayi Sutikesi.

"Zikomo mwana wa..."

Kunamveka kuti gu! Mutu wa Aphunzitsi unali utapeza chitoliro. Anatuluka chafutambuyo, dzanja lina pachipumi, lina litagwira sipanala, imene anayesa kuibisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Wailesi anafika akuthamanga n'kuima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Tcheyamani wa komiti," anatero mayiwo, manja ali m'chiuno, "ndi mlembi wake. Bambo wamkulu ngati inu, wophunzitsa ana a eni, mukuwononga katundu wa m'nyumba mwanu momwe? Nzeru zimenezi mwazitenga kuti?"

"Patebulo," anayankha Aphunzitsi motsitsa mawu. "Munabwera nazo ndinu."

"Ine ndinkadandaula, sindinkaphunzitsa!"

"Ife tinazolowera kuti mukayankhula ndiye kuti ndi maphunziro." Anasisita chotupa chija, kenako anawayang'ana m'maso. "Mayi a Wailesi, munatiphunzitsa zonse ndipo tinalimbikira kuti musamade nkhawa muli kutali. Koma simunatiuze kuti tikakhoza, mphoto yake ndi yoti inu muzibwera mochepa."

"Nanga bwanji munasiya kuimba foni? Ine kumakhala m'chipinda cha alendo, foni ili zii ngati yakufa!"

Apa Wailesi anayatsidwa. "Zofunsa zinatha, amayi. Tikanaimba kuti chiyani? Inu muli ndi anthu oti nyumba zawo zakokoloka, ife tiziimba kuti takusowani basi? Adadi ankatenga foni n'kuibwezanso patebulo. Ndiye munanena nokha kuti kumene zinthu zili bwino simupitako. Ife kuno zinthu zili bwino, amayi. Ndiye titani?"

Mayi Sutikesi anayang'ana mwana wawo, kenako amuna awo. Anafuna kuseka chifukwa cha chotupa cha amuna awo, anafunanso kulira, ndipo zonse ziwiri zinatulukira limodzi moti Aphunzitsi anasowa kuti apepese kapena aseke nawo.

"Nanga thaulo la alendo lija?" anafunsa akupukuta m'maso.

"Ndi lokhalo lokongola m'nyumba muno," anatero Wailesi. "Enawo adadi anawasandutsa apinki."

Mayiwo anatambasula dzanja. "Bweretsani sipanalayo."

Anagwada, nalimbitsa nati ija mpaka mkono kunjenjemera. Anatsegula mpope, kuutseka, n'kudikira. Sipanagwe dontho. Bambo ndi mwana anayang'anizana mwachisoni, poganiza kuti basi, pulojekiti yatsekedwa, sutikesi inyamuka.

Iwo anatenga foni n'kuimbira Injiniya, onse akumva. "Sabata yamawa mupite kumudzi kuja. Ayi, mjigo uli bwino, n'chifukwa chake mukupita. Zida musiye. Mukakhale pamthunzi, mukaone mbuzizo, ndipo mukawauze a tcheyamani kuti bawuti aisiye m'malo mwake, tizibwera ndithu." Injiniya anafunsa kuti ulendo woterowo aulembe kuti ndi wa chiyani. "Mulembe kuti kukaona anthu," anatero, n'kudula.

Kenako analowa kuchipinda, ndipo kunamveka kukhukhuluzika kwa mpando. Wailesi atasuzumira anaona amayi ake atakwera pampandopo, akukankhira sutikesi yofiira pamwamba pa wadiropu. Idzatsikanso, zimenezo aliyense ankadziwa, poti madzi sadzasiya kusefukira kwinakwake. Koma sinali yotsika sabata imeneyo.

"Kuyambira lero muziimba popanda chifukwa," anatero akutsika. "Ndipo wina andipatse thaulo lapinki."

Anabwerera kukhitchini n'kukhala pampando. Munalibe chokonza, munalibe wodzudzula, ndipo manja awo ankasowa pokhala, mpaka Aphunzitsi anaikamo kapu ya tiyi. Wailesi anakoka mpando n'kuyamba kufotokoza nthabwala zija kuchokera pachiyambi, imodzi ndi imodzi, kuti amayi ake aziseka nawo. Mpope unali zii, ndipo Mayi Sutikesi anakhalabe.