Phapo la Wailesi

Asilikali anzake ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe chotsekera. Anali dalaivala wa lole yonyamula madzi, ndipo tsiku limene bomba linaphulika m'mbali mwa msewu anali pakati pa nkhani ya mbuzi ya apongozi ake. Nkhaniyo sanaimalize. Kachitsulo kochepa ngati chikhadabo kanalowa pakati pa nthiti za kumanja n'kukang'amba phapo.

Anafika naye kuchipatala cha asilikali milomo itatuwa. Dokotala wa opaleshoni, mayi wamfupi wa magalasi omanga ndi ulusi, anangomvetsera pachifuwa kamodzi n'kuuza anamwino kuti akonze zipangizo. Anamutsegula m'nthiti, anachotsa magazi amene anadzaza m'katimo, anatulutsa kachitsuloko, ndipo mbali ya phapo imene inanyenyeka anaidula n'kusoka potsalapo.

Wailesi anatsitsimuka mawa lake masana, paipi itatuluka m'nthiti mwake kupita m'botolo la madzi pansi pa bedi. Akatsokomola, botololo linkachita thovu. Anafuna kufunsa za anzake, koma atangonena mawu atatu okha mpweya unatha.

"Onse ali moyo," anatero dokotala. "Mphatso yonse munalandira nokha. Tsopano mverani. Ine ndasoka, koma phapo silifutukuka munthu atangogona. Muzitsokomola, muziyenda, muziuzira ichi."

Anamupatsa golovesi ya labala yomangidwa kumapeto kwa kapaipi.

"Zala zonse zisanu zikadzaima, botolo n'kusiya thovu, paipi ndidzachotsa."

Pabedi loyandikana panagona sajeni wina wachikulire, mwendo uli m'pulasitala, ndipo iyeyu anadzipatsa ntchito yowerenga zala. Tsiku loyamba Wailesi anauzira mpaka misozi, koma chinadzuka chala chachikulu chokha.

"Usadandaule, mphwanga," anatero sajeni. "Golovesi ikuti zonse zili bwino."

Wailesi anaseka, ndipo kusekako kunamubaya ngati mkondo. Namwino anamuphunzitsa kukumbatira pilo akafuna kuseka kapena kutsokomola. Kuyambira pamenepo, sajeni akangokonza kukhosi, iye ankayamba wafufuza pilo.

Tsiku lachinayi kunabwera mkazi wake. Analira pang'ono pakhomo, anapukuta maso, n'kudzakhala m'mphepete mwa bedi.

"Mukupeza bwanji, bambo a ana?"

"Ndikupezako... bwino... mayi."

Mkaziyo anadikira zotsala. Sizinabwere. Anatembenukira kwa namwino.

"Basi? Amaliza?"

"Amaliza."

Mayiyo anakhazikika bwino, anavula nsapato, nayamba. Anafotokoza za denga lodontha limene analikonza yekha, za mwana wamkulu amene akufuna kudzakhala mphunzitsi, za wamng'ono amene wagulula mano awiri. Ananenanso kuti iye mwini anaphunzira kuyendetsa galimoto chaka chatha, pa galimoto ya achimwene ake.

"Simuna... ndiuze," anatero Wailesi.

"Ndinakuuzani katatu. Munali pakati pa nkhani."

Sajeni anadziphimba kumaso ndi bulangete, bedi likugwedezeka. Wailesi anachita manyazi mpaka m'makutu munatentha. Zaka khumi ndi chimodzi ali naye mkazi ameneyu, sankadziwa kuti amatha kukometsa nkhani chotere. Anamugwira dzanja.

"Pitirizani," anatero.

Masana aliwonse ankayenda awiriwo m'khonde la chipatala, iye atanyamula botolo lake m'munsi ngati chikwama, mkazi akulankhula. Poyamba ankafika pazenera loyamba n'kupumira kukhoma. Kenako anafika pachitseko cha kochapira, kenako mpaka pamtengo wa panja.

Tsiku lachisanu ndi chinayi golovesi inatambasula zala zonse, ndipo sajeni anaichitira sawatcha ali chigonere. Botolo nalo linali litakhala chete masiku awiri. Dokotala anaunika chithunzi cha m'chifuwa pazenera, anagwedeza mutu, n'kuvala magolovesi atsopano.

"Kokani mpweya wambiri, muugwire. Musalankhule mpaka ndinene."

"Pamenepo ndiye pali ntchito, adokotala," anatero mkazi uja.

Paipi inatuluka kamodzin'kamodzi, namwino n'kumanga ulusi pabala. Wailesi anatulutsa mpweya pang'onopang'ono, akudabwa kuti zatha msanga chonchi. Anathokoza dokotalayo ndi manja awiri, koma dokotalayo anali akusamba kale m'manja, kuthamangira wovulala wina amene anali atangofika.

Patapita sabata anamutulutsa. Kunyumba, mwana wamng'ono uja anakana kumuyandikira mpaka ataona chipsera chonse, kuyambira pansi pa bere mpaka kumsana. Kenako anakwera pampando, n'kugunditsa khutu pachifuwa cha bambo ake, kumanzere, kenako kumanja.

"Ababa, mbali iyi ikumveka patali."

"Ikubwera, mwanawe," anatero Wailesi. "Ikuyenda wapansi."