Mizere Iwiri ya Teresa

Tsiku Lamulungu limenelo ndinali pabenchi ya kachipatala kena kumunsi kwa Nsanje, phazi litatupa ndi minga yomwe ndinaponda pochokera ku Marka. Dzuwa la Novembala linali lophetsa galu, malata akungolira okha pamwamba. Labu yoyezera magazi inali yokhoma, poti mwini wake sagwira ntchito Loweruka ndi Lamulungu. Panatsala a Gideon okha, adokotala a pamalopo, ndipo mlonda anali atapita kukawaitana kunyumba.

Pambali panga panakhala mayi wina, Otilia, atafukata kamwana ka miyezi isanu ndi itatu, dzina lake Teresa. Thupi la mwanayo linali moto. Ine pakamwa sipakhala chete, ndinamufunsa kwawo. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka ananong'ona kuti wachokera kutsidya, ku Mozambiki, wawoloka Shire pabwato m'mamawa.

"Koma musanene, agogo. Anzanga akuti ukaonetsa khadi lachipatala lakwathu amakubweza."

Khadilo analipinda n'kulibisa m'chitenje, n'kutulutsa buku lakuno latsopano, lopanda cholembamo. Anandiuza kuti mwanayo anadwala malungo masabata awiri apitawo, anamwa mankhwala onse kwawoko n'kuchira. Tsopano kutentha kunali kutabweranso, kuyamwa atasiya.

Zobweza odwalazo sindinazionepo m'maulendo anga onse. Komabe ndinangovomera ndi mutu.

A Gideon anafika atavala patapata, akutafunabe chakudya. Chitseko anachisiya chotsegula chifukwa cha kutentha, choncho zonse ndinazimva.

"Mumakhala kuti, mayi?"

"Kwa Mbenje," anatchula dera lakuno.

"Wadwalako malungo posachedwapa? Wamwako mankhwala?"

"Nkhabe," anakana m'Chisena.

A Gideon anang'amba kapepala n'kutulutsamo kachipangizo koyera koyezera malungo. Anabaya mwanayo pachala, n'kudonthetsera magazi ndi timadzi take. Podikira kuti kaonetse, anandikodola kuti andichotse minga.

"Madala, msinkhu umenewu mukuyendabe ngati munathawa mkazi?"

"Ndinathawa awiri, adokotala."

Anaseka, nandimanga bandeji, nabwerera patebulo, ine ndikubwerera pabenchi. Mizere inali itatuluka iwiri, winawo wosaoneka bwino.

"Malungo awa."

Pamene Otilia ankadzutsa mutu wa mwanayo kuti amwe mankhwala, Teresa analira kulira kwina kwake, kopyapyala, kolasa m'makutu. A Gideon anaima. Anagwira paliwombo, anagwira pakhosi, anayang'ananso kachipangizo kaja.

"Mayi, ndikufunseninso. Sanadwalepo masiku apitawa?"

Otilia anandiyang'ana kudzera pachitseko. Ine ndinayang'ana bandeji yanga.

"Nkhabe, adokotala."

"Chabwino. LA uyu, panado uyu. Akapanda kusintha mubwere naye."

"Takhuta," anathokoza m'Chisena.

Phazi silinandilole kupitirira. Ndinagona pakhonde la mlonda, ndipo Lolemba masana ndinali pabenchi yomweyo pamene Otilia analowa akuthamanga, wopanda mpango kumutu. Anali atagona kwa achibale pafupi pomwepo. Mwana anali atauma ngati thabwa, mutu utapendekera kumbuyo, maso atatembenuka.

A Gideon anakankha mzere wonse wa odwala n'kumugoneka patebulo. Anamubaya jekeseni uku akuimbira ambulansi. Inali itapita ndi mayi woyembekezera, akuti ibwera ikamutula.

Apo m'pamene Otilia anagwada n'kuulula zonse: za kutsidya, za malungo aja, za mankhwala amene mwana anamaliza.

A Gideon sanakalipe. Anakhala pampando.

"Mayi, kachipangizo kaja kamaonetsabe mizere iwiri ngakhale malungo atatha, mpaka mwezi wathunthu. Kanandionetsa matenda akale. Awa ndi oumitsa khosi. Mukanangondiuza, bwenzi nditamutumiza kuboma dzulo lomwe lija."

"Ndimaopa kuti mundibweza."

"Ndinabwezapo ndani ine? Theka la anthu ali panjawa ndi akwanu."

Anagwira nkhope ndi manja onse awiri. "Inenso khosi lija ndinalimva ndi dzanja langali. Ndinakhulupirira pulasitiki."

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Madala, munali naye pabenchi. Sanakuuzeni kanthu?"

"Anandiuza."

Anatembenuka n'kubwerera kwa mwanayo. Bola akanandinyoza.

Teresa anatsirizika dzuwa litapendeka, ambulansi isanafike. Amayi a pamzere anayamba kulira, koma Otilia anawaletsa ndi dzanja. Eni mabwato ambiri sanyamula maliro, ndipo iye ankafuna mwana wake akagone kwawo. Anapempha mayi wina kuti amuthandize kubereka. Anamumanga zitenje ziwiri, namuveka kachipewa ka ulusi, nakatsitsa mpaka m'maso kuti aoneke ngati ali m'tulo.

Ndinamuperekeza ndikutsimphina mpaka padoko. Mwini bwato anasuzumira kumsana kwake.

"Bwanji mwanayu, wapezako bwino?"

"Wagona," anatero Otilia, n'kulowa m'bwato.