Kabichi wa a Strahil

Alamu anga a Strahil atapuma pantchito ya njanji, ana awo anawalipirira ulendo wa pasitima yapamadzi, kuchoka ku Varna kukazungulira zilumba za ku Girisi. Ananyamuka ndi akazi awo, achemwali anga a Tsvetanka, ndipo ine ndinatsatira.

Chakudya cha m'sitimamo sichinali chamasewera: nyama ya nkhosa yootcha, nsomba zamitundumitundu, tchizi, makeke mpaka maso kutopa. Koma tsiku loyamba lomwelo alamu analawa msuzi n'kukankhira mbale uko.

"Awa ndi madzi otsukira mbale," anatero. "Inu chakudya cha pasitima simukuchidziwa. Ine ndinachidya nthawi ya boma lakale, tikupita ku Odesa."

Patebulo lathu panalinso Mayi Evdokia, mayi wamasiye wa ku Plovdiv, amene anakwerapo sitima zambiri moti ankazitchula mayina ngati adzukulu. Nawonso ankadandaula kuti nsomba ya ku Venice inali yofewa kuposa iyi, koma ankadandaula atamaliza kupukuta mbale ndi buledi. Alamu ndiye ankachita kuitana Zlatan, bambo woperekera zakudya, n'kumulalikira za kabichi wowawasa wa m'sitima ya ku Odesa, nsomba za m'chitini ndi buledi wakuda wolimba gwa.

"Chimenecho ndiye chinali chakudya cha amuna. Osati timaluwa mukutiikira pambaleti."

Achemwali ankangotafuna. Nditawafunsa tili awiri, anati, "Alekeni. Nthawi imeneyo anali ndi tsitsi lonse ndi mano onse. Ngakhale nsapato ikanawakomera."

Madandaulo aja anafika kukhitchini. Tsiku lina pa chakudya chamadzulo wophika wamkulu anatulukira yekha, chipewa choyera chili kumutu, Zlatan ali pambuyo ndi mbale yovundikira. Oimba anasiya kuimba. Wophikayo analengeza kuti sitima yawo imalemekeza mlendo wodziwa chakudya, choncho a Strahil awakonzera chimene mtima wawo ukulira, ndipo azilandira chomwecho mpaka tidzafike ku Varna. Anthu anawomba m'manja.

Atavundukula, munali kabichi wowawasa, nsomba za m'chitini ndi buledi wakuda, ndipo fungo la kabichi linafika mpaka kukhomo. Mayi Evdokia anatseka mphuno ndi kansalu. Enafe anatibweretsera nkhosa.

Alamu anaimirira n'kumugwira chanza wophikayo. Atakhala pansi anatenga buledi uja kuti alume, koma mano oikirira anakana. Anamuviika m'madzi.

"Bwanji alamu, kabichiyu ndi yemwe uja?" ndinawafunsa.

"Wayandikira," anayankha misozi ikulengeza. "Kungoti wa ku Odesa ankawawasa kuposa apa."

Zlatan anamva. Mawa lake kabichi anabwera wowawasa kuposa apo.

Alamu kugonja sakudziwa. Anadya, ndipo anatchuka. Alendo a ku Jeremani ankabwera kudzajambulitsa nawo, mmodzi mpaka anapempha kulawako, n'kuthokoza mwaulemu, n'kuthamangira panja. Mayi Evdokia anapempha kuti awasamutsire tebulo lina, ati fungolo likuwasokoneza kuweruza nsomba. Ine ndinkaona maso a alamu akuperekeza mbale iliyonse ya nkhosa ikamadutsa.

Titachoka pachilumba cha Rodos, achemwali chisoni chinawagwira. Anayamba kubwera kodyera ndi chikwama chawo chachikulu, nyama ina ikulowa m'kamwa, ina m'chikwama. Masana ena ndinalowa m'chipinda mwawo osagogoda. Ndinapeza alamu atakhala pabedi, mwendo wa nkhosa uli m'manja, mafuta ali mpaka m'makutu.

Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana.

"Ndikungothandiza achemwali anu," anatero. "Kutaya chakudya ndi tchimo. Komanso mchere wachepa."

"Nanga ndikauze wophika?"

"Mlamu, khala pansi. Wophika ali ndi ntchito zambiri."

Kuyambira pamenepo Zlatan ankasiya pepala lokulungira pafupi ndi mbale ya achemwali.

Tsiku lotsika, wophika anatidikirira pamakwerero ndi botolo lalikulu la kabichi, lomangidwa kansalu kofiira, kuti alamu asavutike kunyumba. Alamu analilandira ndi manja awiri anthu akujambula. Achemwali anakana kuti lilowe m'nyumba mwawo, ndiye alamu anakapatsa a Paraskev oyandikana nawo, amene kufikira lero sakuwapatsa moni.